Mjigo wa ku tchalitchi ukuvuta, ana akutsegulabe m'mimba: tichite chani?

Uthenga uwu wachokera kwa mayi wina wa ku Kasungu, mbali ya kwa Santhe. Ndaufupikitsa pang'ono koma mawu ndi awo omwe.

"Bambo, ine ndine msungichuma wa amayi pa mpingo pathu. Zaka zitatu zapitazo abale a mpingo wakunja anatithandiza kukumba mjigo pafupi ndi tchalitchi, tsiku limenelo tinavina mpaka madzulo. Pano mjigo uja ukuvuta, mmawa umafuna upope kaye nthawi yaitali madzi asanabwere, handulo ikugwedera, ndipo ikafika Okutobala madzi amatha masana. Tikati tisonkhe ndalama anthu a mipingo ina akuti mjigo ndi wanu a mpingo konzani nokha, chonsecho amatunga nawo. Komiti inabalalika, atsala awiri. Chondiwawa kwambiri ana akutsegulabe m'mimba ngati kale. Ena akuti tilembere kalata abale aja atikonzere kapena atiikire sola, ena akuti tingoika loko azitunga a mpingo okha. Tichite chani?"

Zikomo mayi polemba, ndipo poyamba mtima ukhale pansi. Zimene mwafotokozazi ndaziona kambirimbiri pa zaka zomwe ndakhala ndikuyenda m'midzi ya kuno ku Kasungu ndi ku Mchinji pa ntchito ya mijigo, ndipo ndikuuzeni, mjigo wanuwo sunafe ayi, ukudwala chabe, ndipo mankhwala ake ambiri ndi otchipa kuposa mmene mukuganizira. Komanso musadzione ngati mwalephera. Zaka zitatu mjigo ukupopedwa tsiku ndi tsiku osatsegulidwa nkamodzi komwe, olo utakhala kuti anaukumba bwino motani uyenera kuyamba kulira basi.

Tiyambe ndi chitsulocho. Sindinauone mjigo wanu koma ndikukhulupirira kuti ndi wa mtundu wotchedwa Afridev, chifukwa ndi umene uli pafupifupi paliponse m'midzi yathu, ndipo anaupanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuutsegula okha ndi sipanala imodzi osadikira galimoto yochokera ku boma. Zinthu zitatu mwatchulazi ndi matenda atatu osiyana, musawaphatikize.

Kupopa nthawi yaitali mmawa madzi asanabwere ndiye kuti usiku madzi akuthawa m'mapaipi kubwerera pansi. Pansi penipeni pali kachipangizo kotchedwa foot valve, ntchito yake ndi kutseka madzi akakwera kuti asabwerere, muli timalabala tiwiri, bobbin ndi O-ring. Tikatha timeneti nde mmawa uliwonse woyamba kutunga amayamba kaye wadzadza mapaipi onse. Pena vuto limakhala paipi yong'ambika kapena polumikizira pamene pamasuka. Yesani chonchi: popani mpaka madzi atuluke, musiye kwa mphindi 30 osaukhudza, kenako muyambenso kupopa mukuwerenga. Madzi akabwera mutapopa koposa kasanu, dziwani kuti penapake pakudontha. Handulo yogwedera ndi ma bush, timapulasitiki timene timakhala pamene handulo imazungulira. Apa mpamene ndimachonderera anthu kuti asazengereze, chifukwa ma bush akatha chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake, ndipo chimene mukanakonza ndi ndalama ya nkhuku imodzi chimadzafuna ndalama ya mbuzi.

Za madzi kutha mu Okutobala ndiye zofunika kuzifufuza bwino, chifukwa zifukwa zake zilipo zingapo. Tengani ndowa ya malita 20, munthu mmodzi apope kokwana 40 pa mphindi imodzi, kukweza handulo mpaka pamwamba nkutsitsa mpaka pansi. Mjigo wa Afridev uli bwino uyenera kupereka malita osachepera 16, ndiye kuti ndowa yotsala pang'ono kudzadza. Ngati ngakhale mmawa ukupereka theka, ganizirani U-seal, kalabala kamene kamakankha madzi mu silinda (chipangizo chokoka madzi chimene chili pansi pa mapaipi), kameneka kamatha ndipo kayenera kusinthidwa chaka ndi chaka. Koma ngati mmawa ndowa ikudzadza bwinobwino, nkumati dzuwa likafika pa liwombo mjigo uyamba kutulutsa mpweya, mukausiya ola limodzi ubweranso, pamenepo pampu ilibe mlandu, madzi pansipo ndi amene akutsika kupitirira pamene pali silinda. Nthawi zambiri izi zimachitika pa mjigo umene unakumbidwa nthawi ya dzinja madzi ali pafupi, okumba nkusangalala msanga, kapena anaika mapaipi ochepa. Makaniki akhoza kuwonjezera mapaipi ndi ma rodi (zitsulo zazitali zolumikiza handulo ndi silinda) ngati dzenje likulola, bola osapitirira mamita 45 chifukwa Afridev malire ake ndi amenewo.

Koma musanathamangire kumeneko werengani kaye anthu. Mjigo umodzi muyezo wake ndi anthu 250. Kodi pa mjigo wanuwo akutunga ndi midzi ingati? Ndipo musaiwale kuti kuno kwathu Okutobala ndi nyengo ya nazale za fodya, komanso ndi nthawi youmba njerwa. Ndinafikapo pa mudzi wina anthu akudandaula kuti mjigo wauma, nditakhala pamenepo kuyambira mbandakucha ndinaona ngolo zikubwera ndi migolo kudzatunga madzi othirira nazale, amayi ofuna madzi akumwa akufika madzi atatha kale. Palibe chimene chinawonongeka pa mjigo umenewo, panangosowa lamulo.

Tsopano nkhani imene ndikuiona kuti ndi yaikulu kuposa malabala onsewa. Mjigo umenewu ndi wa ndani? Mu uthenga wanu muli mawu akuti "mjigo ndi wanu a mpingo", ndipo ine ndikuti matenda enieni agona pamenepo. Mipingo yachita ntchito yaikulu pa madzi m'dziko muno, palibe angatsutse, a CADECOM ku Katolika, masinodi a CCAP ndi nthambi zawo za chitukuko, ndi mipingo ina yambiri yafika kumene thandizo lina silinafike. Koma pali kulakwitsa kumodzi kumene ndakuona kukubwerezedwa, ndipo kumachitika ndi mtima wabwino. Mjigo umakumbidwa pa malo a mpingo, tsiku lopereka kwaya imaimba, abusa amapemphera, pa simenti nkulembapo dzina la mpingo, alendo ajambula zithunzi nkubwerera kwawo, ndipo palibe amene waima nkunena kuti U-seal ikatha adzagula ndani. Munthu wa mpingo wina amene anaima chapatali tsiku limenelo anamva chinthu chimodzi, kuti ichi ndi cha eni ake ife tikungopemphako. Nde lero mukamuuza kuti asonkhe akuyankha zomwe anaona. Sindikuti akuchita bwino kutunga osasonkha, ayi, koma musamuone ngati mdani, sanaitanidwe pachiyambi.

Walira mvula walira matope mayi. Mudzi unalandira madzi, nde mudzi womwewo uyenera kulandira ndi ntchito yake, ndipo sungailandire ngati sunauzidwe poyera kuti mjigo ndi wawo. Chimene ndingakulangizeni ndi ichi, kambiranani kaye ndi abusa ndi akulu ampingo, mugwirizane kuti mpingo ukupereka mjigowu m'manja mwa mudzi wonse. Kenako mupite kwa a mfumu, iwo ndi amene aitanitse msonkhano, ndipo usachitikire m'tchalitchi, uchitikire pa bwalo kapena pa mjigo pomwepo. Aitanidwe onse otunga, a mipingo ina, Asilamu ngati alipo, a gule, osapemphera, onse. Abusa kapena mkulu wampingo aime anene ndi pakamwa pake kuti mphatso iyi inabwera kudzera kwa ife koma ndi ya aliyense womwa madzi pano. Mawu amenewa amasintha zinthu, ndaona ndi maso anga anthu amene amakana kusonkha akuyamba ndi iwo kutulutsa ndalama. Zilembedwe papepala, a mfumu asayine, mpingo usayine, makamaka zoti njira yopita pa mjigo siidzatsekedwa ngakhale malowo ndi a mpingo, chifukwa abusa amasinthidwa ndipo wobwera sadziwa zomwe munagwirizana.

Za loko yoti azitunga a mpingo okha, chonde musayerekeze. Amene mwawatsekera sasiya kumwa madzi, abwerera ku chitsime cha kudambo kumene ng'ombe zimamwa, ana awo adwala, ndipo ana amenewo amaphunzira kalasi imodzi ndi anu, amadya mango amodzi ndi anu, ntchentche nazo sizifunsa kuti uyu amapemphera kuti. Komanso mbiri ya mpingo mukhala mwaiipitsa kwa zaka zambiri. Kukangana pa madzi sikunayambe ndi inu, pa Genesis 26 abusa a ziweto anakangana ndi abusa a Isake pa zitsime ziwiri, chachitatu chomwe panalibe mkangano ndi chimene anachitcha Rehoboti. Loko ili ndi ntchito yake yabwino, kutseka usiku kuopa akuba ma rodi, ndi kuupumitsa mjigo masana nthawi ya chilimwe kuti madzi abwerere, koma maola ake agwirizane onse ndipo kiyi asunge wa komiti amene amakhala pafupi.

Komiti musankhe yatsopano pa msonkhano womwewo, kawirikawiri imakhala ya anthu khumi, amayi achuluke chifukwa ndi amene amadziwa mjigo ukayamba kulemera, ndipo isadzadze ndi a mpingo umodzi. Ine ndimakonda msungichuma akhale wochokera mbali ija imene imakana kusonkha, kukayikirana kumatha msanga. Pakhale awiri kapena atatu ophunzitsidwa kutsegula mjigo, osati achinyamata amene mawa apita ku Joni kapena ku esiteti, koma anthu okhazikika. Pitani ku ofesi ya zamadzi pa boma, kapena mufunse alangizi a zamadzi a dera lanu, muwapemphe maphunziro a komiti komanso akuuzeni makaniki wa m'dera amene amamudziwa. Makaniki ameneyu mupangane naye kuti azibwera kudzauona mjigo kangapo pa chaka usanawonongeke, osati kumuitana utafa kale.

Pa ndalama anthu ambiri amalakwitsa nthawi. Kusonkhetsa mu Januwale ndi Febuluwale anthu ali pa ganyu kusaka chakudya ndi kudzivuta chabe. Sonkhetsani nthawi yokolola, chimanga, soya ndi mtedza zili pakhomo, a fodya atagulitsa, ndipo amene alibe ndalama apereke mbewu komiti igulitse. Agogo osowa owathandiza ndi olumala musawakakamize, mugwirizane poyera kuti awa atunga ulere. Woumba njerwa ndi wothirira nazale alipire mwapadera ndipo atunge amayi atatha kutunga akumwa. Ndalama iliyonse ilembedwe m'kope, kope liwerengedwe pagulu, malisiti a masipeya aonetsedwe, chifukwa komiti zambiri zimene ndaziona zikugwa sizinagwe ndi umphawi, zinagwa ndi funso loti ndalama zija zinapita kuti. Ndipo musasunge ndalama zambiri m'chitini. Mukukumbukira Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, makomiti amene anasunga ndalama anapeza kuti sizikukwananso kugula zomwe akanagula mwezi wapitawo, pomwe amene anagula ma U-seal, ma bobbin ndi ma bush nkusunga anagona tulo. Sungani masipeyawo pamthunzi, m'pepala la pulasitiki, malabala sagwirizana ndi dzuwa. Zokongozana ndalama ya mjigo ngati banki mkhonde ine ndimachita nazo mantha, mjigo umafa tsiku limene ndalama ili mmanja mwa anthu.

Kalata kwa abale akunja lembani ndithu, si tchimo, koma muganize chimene mukupempha. Mukawapempha ndalama ya malabala atumiza ulendo uno, mwina ndi wotsatira, kenako amene amakudziwani kumeneko apuma ntchito kapena mpingo wawo utembenukira dziko lina, paja mlendo ndi mame. Apempheni zimene mudzi sungathe paokha. Choyamba lipoti la okumba, loonetsa kuti dzenje ndi lakuya mamita angati, madzi anawapeza pati, silinda ili pati, ndipo atayesa anapeza kuti mjigo umapereka madzi ochuluka bwanji, pepala limeneli makaniki limamuthandiza kwambiri. Chachiwiri ndalama ya maphunziro a komiti. Chachitatu ngati mwawerenga nkupeza kuti anthu apitirira kutali 250, pemphani mjigo wachiwiri mbali ina ya mudzi, ukumbidwe chilimwe madzi ali pansi, ofesi ya zamadzi idziwe ndi kuyang'anira, ndipo okumba akhale ovomerezeka ndi bungwe la boma loyang'anira madzi la National Water Resources Authority monga likunenera lamulo la zamadzi la 2013. Pali mabungwe achikhristu amene njira imeneyi anaigwira kale, a Marion Medical Mission mwachitsanzo pomanga zitsime zotetezedwa mudzi ndi umene umapereka njerwa, mchenga, miyala ndi manja, nkumasonkhanso chaka ndi chaka za kukonzetsera, nde munthu amene ananyamula mchenga pamutu sanganene kuti chitsime ndi cha eni.

Pampu ya sola ndi yabwino pamene pali madzi ambiri ndi komiti yolimba. Pa dzenje limene likuphwa ndi pampu ya manja, sola ingolimaliza msanga, ndipo ikapsa mtengo wake si wa msonkhamsonkha wa pamudzi, osanenanso za akuba mapanelo. Imeneyo isiyeni kaye.

Tibwere kwa ana, poti ndi pamene mtima wanu uli. Anthu ambiri amaganiza kuti mjigo ukabwera kutsegula m'mimba kutha, ndipo akaona sikukutha amati madzi a mjigowo ndi oipa. Pena zimatheka, nde yang'anani ngati simenti yozungulira mjigo yang'ambika, ngati madzi akudikha pafupi nkhumba nkumagonamo, ngati pali chimbudzi kapena khola pafupi kuposa mamita 30 makamaka chakumtunda. Matani ming'alu, konzani ngalande ndi dzenje la miyala kumapeto kwake, mangani mpanda. Koma kunena zoona nthawi zambiri madzi amatuluka pa mpopi ali bwino, amadetsedwa pa njira ndi kunyumba. Ndowa yosatsuka ndi sopo, masamba oika pamwamba kuti madzi asatayike, zala zolowa m'ndowa posenza, kenako kunyumba mtsuko wosavundikira ndi kapu imodzi yomwe mwana wangochoka kuseri watungira, wamwera, nkuibwezeramo. Madzi akumwa akhale m'chigubu cha kukamwa kochepa kapena ndowa ya kampopi, ngati ndi mtsuko kapu yotungira ikhale ina yomwera ina. Kolorini funsani alangizi a zaumoyo, akuuzani muyezo malinga ndi mtundu umene ali nawo, mukathira dikirani mphindi 30 musanamwe.

Ndiye zimbudzi. Dothi la mbali zambiri kuno ndi la mchenga, dzinja likafika zimbudzi zimagwa ndipo banja limati tidzakumba mvula ikatha, miyezi yonseyo ndi patchire, mvula nkukokolola zonse kupita kudambo. Kumbani dzenje lozungulira osati la makona, lisakule kukamwa, mulimange ndi njerwa kuchokera pansi ngati dothi ndi lofewa, denga lisadonthe, pabowo pakhale chivundikiro. Chimbudzi cha mwana wakhanda ambiri amachiyesa chosaopsa nkuchitaya kuseri kwa nyumba, chonsecho ndi choopsa ngati cha wamkulu, chipite m'chimbudzi ndipo mayi asambe ndi sopo akatha kusintha thewera. Mpondagiya pakhomo pa chimbudzi safuna ndalama, kachigubu, chingwe ndi timitengo, koma akhale ndi madzi ndi sopo, osati wongoonetsa alendo akabwera.

Apa mpamene mpingo uli ndi mphamvu imene ife a zamadzi tilibe. Ife timabwera kamodzi nkupita, inu mumakumana sabata ndi sabata, m'milaga, m'miphakati, ku amayi, ku Sande sukulu. Yambani ndi chimbudzi cha pa tchalitchi pomwepo, chikhale chitsanzo. Pa maliro, pa ukwati, pa misonkhano ikuluikulu pamene amayi ampingo ndi amene mumaphika, beseni limodzi losambamo anthu makumi awiri lithe, muzithirirana ndi jagi, sopo ali pomwepo. Amene akuti izi ndi zachizungu muwawerengere Deuteronomo 23 ndime 12 ndi 13, pamene ana a Israele analamulidwa kukhala ndi malo kunja kwa misasa ndi chokumbira chofotsera. Ndipo gulu lanu la amayi likhoza kumakumbira chimbudzi agogo amene alibe mphamvu, a mpingo uliwonse, ntchito ya chifundo imeneyo imatetezanso adzukulu anu omwe.

Pali zina zosafunika kudikira msonkhano. Mwana akatsegula m'mimba yambani pompo kumpatsa Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, apitirize kuyamwa, ndipo mukatenge zinc kwa alangizi a zaumoyo. Akayamba kulowa maso, liwombo kulowa, kukana kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kufooka, kapena chimbudzi chili ndi magazi, thamangani naye kuchipatala olo ndi usiku. Wamkulu kapena mwana akatsegula madzi okhaokha ngati otsukira mpunga, ganizirani kolera, muzimumwetsa ORS panjira ndipo alangizi a zaumoyo adziwe tsiku lomwelo. Tonse tikukumbukira kolera imene inayamba mu Malichi 2022 nkupitirira mpaka 2023, inafika maboma onse nkutenga miyoyo yoposa 1,700, matenda amenewa satenga masiku. Mabanja angapo otunga pa mjigo umodzi akadwala sabata imodzi, kapena madzi akayamba kutuluka a matope mvula ikagwa, kapena kununkha, uzani a zaumoyo ndi a zamadzi adzayeze madziwo ndi kuthira mankhwala m'dzenje, ndipo podikira aliyense athire kolorini kapena awiritse. Ku mbali ya chitsulo, ma rodi akaduka nkugwera pansi kapena paipi ikathothoka musayese kuwedza nokha ndi mawaya, ndaona mijigo yabwinobwino ikutsekeka chifukwa cha zimenezo, itanani makaniki. Mjigo ukamatulutsa mchenga nawonso ndi wofunika a ku ofesi ya zamadzi, mwina dzenje likufunika kupopedwa ndi makina.

Sabata ino chitani mayeso awiri aja, la mphindi 30 ndi la ndowa, la ndowalo mulichite mmawa ndi masana, muwerengenso mabanja onse otunga pamenepo ndi anthu a m'banja lililonse. Mukandilembera manambala amenewo ndidzatha kukuuzani ngati mukufunika malabala okha kapena kuwonjezera mapaipi, kuti popita kwa a mfumu mukhale mukudziwa kale chimene mukukapempha anthu kuti asonkhere.